MLENDO KAPENA MWANA WA PAKHOMO?

Kamodzi pa zaka ziwiri, Lolemba la sabata yomaliza ya caka ca Eklezia, pa Misa amawerenga mutu woyamba wa buku la Mneneri Danieli. Nkhani yace njodziwika. Nebukadinezara, mfumu ya ku Babiloni, atagonjetsa Yerusalemu, analamula mkulu wa nduna za m'nyumba mwace, dzina lace Asipenazi, kuti asankhe mwa ana a Israeli anyamata a banja lacifumu ndi a mabanja omveka, opanda cirema, a mutu wogwira zinthu msanga, kuti aphunzire malembedwe ndi cinenero ca Akaldeya zaka 3, ndipo pambuyo pace akatumikire pa bwalo la mfumu. Anawapatsa pogona, nawaikira cakudya ndi vinyo zocokera pa tebulo la mfumu yomwe. Munthu wa lero akadati anyamatawo anasankhidwa kupita ku yunivesite, ndiponso boma linawalipirira zonse.

Koma mwai umenewu unali ndi minga yace. Maina ao anawacotsera: Danieli anasanduka Belitesazara, Hananiya anasanduka Sadrake, Misaeli Mesaki, Azariya Abedinego. Cinenero cimene anayamwira kwa amai ao cinalibe nchito m'kalasi. Cakudya cinali cacilendo, milungu yacilendo, ndipo aphunzitsi ao anali a mtundu womwewo umene unagonjetsa dziko lao.

Alaliki ambiri amakonda kuima pa ndiwo zamasamba ndi madzi zimene Danieli anasankha kuti asadziipitse ndi cakudya ca mfumu, ndipo acita bwino. Koma m'nkhaniyi muli cinthu cina cimene cimapita osaoneka, ndico cakuti anyamatawo anali anai. Pamene Danieli anapempha kapitao kuti awayese masiku 10, anapemphera anai onse. Pamene mfumu inalota loto, nilamula kuti anzeru onse a ku Babiloni aphedwe cifukwa colephera kuliulula, Danieli anapita kunyumba nakafotokozera anzace atatu aja, kuti apemphe pamodzi cifundo ca Mulungu. Ndiponso m'nyumba yacilendoyo munapezeka anthu amene anawamvera: mkulu wa nduna anamkomera mtima Danieli ngakhale ankaopa mfumu, ndipo kapitao anabvomera kuwayesa. Zitatha zaka 3 zija mfumu inawafunsa mafunso, niwapeza oposa anzeru onse a m'dziko lace kakhumi. Nzeruyo inacokera kwa Mulungu. Buku linena comweco. Koma Mulungu popereka mphatso zace amadzera m'manja mwa anthu, ndipo apa anadzera mwa anzace atatu ndi mwa kapitao mmodzi wosaumitsa mtima.

Funso la mumtima

Caka ndi caka anyamata ndi atsikana amatsika basi pa cipata ca yunivesite, cikwama ca zobvala m'manja, kalata yowaitana m'thumba. Ku mudzi anawaperekeza ndi nthungululu. Ambiri mwa iwo ndi oyamba pa mtundu wao wonse kuponda pa malo otere. Palibe bambo, palibe malume, palibe mlongo amene angawauze m'mene zinthu ziyendera kumeneko. Mayeso anapambana, dzina lao linalowa m'kaundula, palibe amene angawatulutse. Komabe m'masabata oyamba mumtima mwao mumabuka funso limene sanaliyembekeze: kodi munthu wonga ine ali nao malo pano?

Funso limeneli limanenepa ndi tinthu tating'ono. Mphunzitsi alankhula Cingerezi cothamanga, ena alikugwedeza mitu ngati amva, iye sanatolepo kanthu. Mnzace wa pa mpando anaphunzira sukulu ya m'tauni, ali ndi kompyuta yaceyace, adziwana kale ndi theka la kalasi. Iye ayesa kuyankha funso kamodzi, kalankhulidwe kace kaseketsa anthu, ndipo kuyambira pomwepo sakwezanso dzanja. Pa nthawi ya cakudya anzace anyamuka osamuitana, mwina mwa kuiwala cabe. Kenaka abweza mapepala a mayeso oyamba, ndipo iye amene kwao anali woyamba m'kalasi kuyambira ali wamng'ono apeza kuti walephera.

Pamenepa mpamene njira zipatukana. Ophunzira awiri alephera mayeso amodzimodzi ndi malikisi ofanana. Woyamba, amene adziyesa mwana wa pakhomo, angoti mayeso anali obvuta, napita kwa mphunzitsi kukafunsa pamene analakwa. Waciwiri, amene adziyesa mlendo, awerenga pa pepala lomwelo cigamulo ca mlandu: anandisankha molakwa, lero zaoneka poyera. Kwa mphunzitsi sapita, pakuti ndani afuna kukayala umbuli wace pamaso pa munthu amene amganizira kuti alikumkayikira kale? Kwa anzace safunsa. Asankha mpando wa kumbuyo, pambuyo pace ayamba kujomba, ndipo mabuku amene ankawakonda ayamba kumlemera ngati miyala. Akulu poona izi amati mwanayu wacita ulesi, kapena wapusa ndi ufulu wa m'tauni. Nthawi zina ndi zoona. Koma kawirikawiri cimene cafa mwa iye ndi ciyembekezo, pakuti munthu salimbika kulima munda umene akhulupirira kuti mawa adzamlanda.

Amai a m'mudzi adziwa za nkhuku yacilendo. Ikangofika amayamba aimanga mwendo ndi luzi, zinzace ziijompha, ndipo ngakhale awaze gaga wambiri, iyo idya mozemba, maso ali uku ndi uku. Njala iri nayo, m'kamwa muli bwino; cimene isowa ndi mtendere wa kudya. Comweconso wophunzira amene theka la maganizo ace lirikulondera ngati anthu alikumseka, watsala ndi theka lokha lowerengera buku.

Zimene anapeza ku America

Zimenezi anthu anaziyesa ndithu. Ku yunivesite ya California ku Berkeley, m'zaka za 1975 ndi 1976, mphunzitsi wacinyamata wa masamu, Uri Treisman, anabvutika mtima poona kuti ophunzira akuda ambiri analikulephera masamu apamwamba a dzina lakuti calculus, pamene ana a m'mabanja ocokera ku China analikupambana. Atafunsa aphunzitsi anzace, mayankho anali amene munthu angawayembekeze: alibe khama, sukulu zimene anacokera nzosauka, makolo ao sasamala, ngaumphawi. Treisman sanakhutire. Anasankha ophunzira akuda 20 ndi a ku China 20, nawatsata miyezi yambiri mpaka m'zipinda zao, kuti aone ndi maso m'mene amaphunzirira. Anapeza kuti ophunzira akudawo khama anali nalo, makolo ao ankawalimbikitsa, ndipo ambiri anali atakonzekera bwino. Kusiyana kunali pena. Mwa 20 aja, 18 sanawerengepo limodzi ndi mnzao wa m'kalasi. Ku sekondale anaphunzira kulimbika okha, osadalira munthu, ndipo khalidwe lomwelo limene linawafikitsa ku yunivesite ndilo linawagwetsa atafika. Anzao aja ankayamba awerenga payekhapayekha, koma madzulo ankasonkhana, kuphika, kudya pamodzi, kenaka kuyala makope ao ndi kuonerana zolakwa. Motero aliyense ankadziwa kuti funso limene lamkanika lakanikanso anzace. Wowerenga yekha alibe njira yodziwira cimeneci. Iye ayesa kuti mbuli ndiye yekha.

Treisman anakhazikitsa timagulu towerengera pamodzi, ndipo pali nzeru m'kakonzedwe kace. Sanawaitane ngati odwala odzalandira mankhwala. Anawaitana ngati ophunzira aluso, nawapatsa mafunso obvuta koposa a m'kalasi, amene munthu sakadatha kuwamasula yekha. Olephera anacepa kwambiri, ndipo mayunivesite ena ambiri a ku America anatengera njirayi.

Mu 2011 akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Gregory Walton ndi Geoffrey Cohen, anasindikiza m'magazini ya Science zimene anapeza pa ophunzira 92 a caka coyamba pa yunivesite ina yapamwamba, 49 akuda ndi 43 oyera. Ena mwa iwo anawapatsa kuti awerenge maumboni a ophunzira a makalasi apamwamba, a mitundu yonse, onena kuti caka coyamba pafupifupi aliyense ankada nkhawa kuti malo alibe, ndi kuti nkhawayo inatha pang'onopang'ono. Atawerenga anawapempha kuti alembe za iwo eni, ndi kuwerenga zimene alembazo pamaso pa makina ojambulira, kuti zidzathandize amene adzabwera pambuyo pao. Zonse zinatenga ngati ola limodzi. Kwa zaka 3 zotsatira malikisi a ophunzira akuda amene anacita zimenezi anakwera, kotero kuti mpata wa pakati pa iwo ndi oyera unacepa ndi theka. Ndiponso ankapita kwa dokotala kocepa kuposa anzao. Pomaliza maphunziro ambiri anali ataiwala zimene anawerenga pa ola lija. Palibe amene anawaphunzitsa phunziro latsopano. Cimene cinasintha ndi kamasuliridwe ka tsiku loipa: likagwa, ankaliona ngati tsiku loipa basi, losanena kanthu za malo ao pa sukulupo.

Wina angaganize kuti tsono mankhwala apezeka, ndipo ngosakwera mtengo: kungowerengetsa ana pepala. Ai. Mu 2023 Walton ndi anzace ambiri anasindikiza m'magazini yomweyo kafukufuku wamkulu, wa ophunzira 26,911 pa makoleji ndi mayunivesite 22. Uthenga uja unathandiza ophunzira kumaliza caka coyamba, makamaka a magulu amene kale ankatsalira. Koma unathandiza pokhapo pamene sukuluyo inalidi ndi mpata wakuti anthu a gulu lao alandiridwe. Pamene mpatawo panalibe, mau anapita padera. Yakobo Woyera ananena kale za munthu amene auza wausiwa ndi wanjala kuti apite ndi mtendere, akafunde, akakhute, osampatsa kanthu. Kuuza mwana kuti adzazolowera, pamene zitseko zonse nzotseka, ndiko kumnamiza.

Ku Athens ndi ku Paris

Eklezia ali nazo mboni zace pa nkhaniyi, zakale koposa. Pa 2 January amakumbukira oyera awiri tsiku limodzi, Basil Wamkulu ndi Gregory wa ku Nazianzus, aepiskopi ndi aphunzitsi a Eklezia, onse a ku Cappadocia, dera limene lero liri m'dziko la Turkey. Ubwenzi wao unakhwima ali ophunzira ku Athens, m'zaka za pakati pa 350 ndi 360, ndipo Gregory anaufotokoza mwini wace m'ulaliki wokumbukira Basil atamwalira.

Ku Athens kunali mwambo wozunza wophunzira watsopano. Akafika ankamlandira kwa bwenzi kapena kwa munthu wa kwao, ndipo aliyense wofuna ankamseka ndi kumtonza kuti amcotse matama. Kenaka ankamperekeza pa mdipiti, awiriawiri patsogolo pace, kudutsa pa msika kunka ku nyumba yosambiramo. Pofika pa khomo ankakuwa ndi kulumpha ngati amisala, kumenya zitseko ngati kuti awakaniza kulowa, mpaka mlendo agwidwe ndi mantha. Pamenepo ankamlola kusamba, ndipo potuluka ankamuyesa mnzao. Amene anaphunzira sukulu zogonera komweko adziwa kuti mwambo wa mtundu umenewu sunafe. Gregory ndiye anayamba kufika ku Athens. Pamene Basil anadza, Gregory anayenda pakati pa ophunzira nawanyengerera kuti amleke, ndipo Basil anapulumuka mwambowo, pafupifupi yekha mwa onse obwera.

Ngakhale zinatero, Basil sanakondwe. Anayembekeza zazikulu napeza zocepa, ndipo mbiri yonse ya Athens inamuonekera ngati nkhokwe yopanda cimanga. Gregory anakhala naye pansi, namuuza kuti monga khalidwe la munthu silidziwika tsiku limodzi koma pokhala naye nthawi yaitali, maphunziro naonso sayesedwa ndi kulawa kwa masiku owerengeka. Ndiwo uthenga womwe uja umene Walton ndi Cohen anaika pa pepala patapita zaka zoposa 1,600, koma pano unadza ndi nkhope ya munthu, ndiponso munthuyo anali atamcinjiriza kale kwa omzunza. Basil anakhala. Awiriwo anagona nyumba imodzi nadya pa mbale imodzi. Njira ankadziwa ziwiri zokha, ya ku chalichi ndi ya kwa aphunzitsi. Ndipo maphunziro, amene kawirikawiri amabala nsanje pakati pa anthu anzeru, kwa iwo sanabale, pakuti aliyense ankawerengera kupambana kwa mnzace ngati kwace.

Ignatius wa ku Loyola anafika ku Paris mu February 1528, ali ndi zaka ngati 37, wotsimphina ndi bala la ku nkhondo ya ku Pamplona, nakhala pakati pa ana ang'ono ku koleji ya Montaigu kubwereza Cilatini. Ndalama zimene anali nazo anasungitsa kwa munthu wa kwao, ndipo munthuyo anazidya. Motero anakagona ku nyumba ya osauka ya Saint-Jacques, kutali ndi koleji, kumene lamulo linali lakuti atuluke kutaca ndi kubwera kusanade. Maphunziro a m'mamawa ndi a madzulo ankampita. Mu October 1529 analowa koleji ya Sainte-Barbe, nakhala cipinda cimodzi ndi Francis Xavier ndi Pierre Favre. Favre ameneyu anali mwana wa alimi a ku Savoy, anakula akuweta nkhosa, ndipo ndiye anapatsidwa nchito yobwereza naye maphunziro a Aristotle. Ignatius nayenso anathandiza Favre pa nkhawa za mumtima zimene zinkamsautsa. Mbusa wa nkhosa anaphunzitsa msilikali, msilikali anatonthoza mbusa, ndipo onse anamaliza maphunziro ao. Pa 15 August 1534 iwo pamodzi ndi anzao anai anacita malumbiro ku Montmartre, ndipo m'menemo munaphuka cipani ca Ajezuiti. Patapita zaka, Xavier ali kutali ku maiko a kum'mawa, ankadula maina a anzacewo pansi pa makalata ao, nayenda nao pa thupi pace.

Njala imeneyi ya kukhala ndi anzako ikapanda kudyetsedwa pabwino imadya pomwe yapeza. Augustine Woyera ali wophunzira ku Carthage anapezako gulu la anyamata odziwika ndi dzina lakuti Ogumula, amene masewera ao anali kuzunza alendo amanyazi popanda cifukwa. Iye anaulula kuti zocita zao ankanyansidwa nazo, komabe ankakhala nao, nakondwera ndi ubwenzi wao, mpaka kucita manyazi kuti sali wonga iwo. Nzomvetsa cisoni kuti lero lomwe malo omwera mowa amalandira mlendo msanga kuposa laibulale, ndi kuti mtsikana wa caka coyamba amapeza kuti woyamba kudziwa dzina lace ndi bambo wa galimoto amene aima pa cipata Lacisanu madzulo.

Phazi ndi diso

M'kalata yoyamba kwa Akorinto, mutu 12, Paulo Woyera ayerekeza Eklezia ndi thupi, naonetsa matenda awiri. Pali phazi limene lidziyesa losakhala la thupi cifukwa siliri dzanja, ndipo pali diso limene liuza dzanja kuti liribe nalo nchito. Oyambawo ndi matenda a mlendo, aciwiriwo ndi a eni khomo, ndipo amadyetsana. Paulo atsutsa phazi kuti ciwalo sicileka kukhala ciwalo cifukwa ca maganizo ace; koma katundu wolemera amuika pa ziwalo zamphamvu, ponena kuti zimene zioneka zofooka nzosasoweka ndipo ziyenera ulemu woposa. M'mutu wa pambuyo pang'ono, wa 11, anali atawadzudzula kale Akorinto omwewo kuti pa misonkhano yao wina amakhala ndi njala pamene wina waledzera.

Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965 ndi ophunzira 90. Pa gulu lotere munthu akasowa masiku awiri zinkadziwika. Lero mayunivesite ngambiri, a boma ndi a mipingo, ndipo kalasi limodzi la caka coyamba lingaculuke kuposa yunivesite yonse ya 1965. Ophunzira ambiri sagona pa sukulu. Acita lendi m'tizipinda ta kunja, monga ku Chikanda ku Zomba, ndipo ena adya kamodzi pa tsiku. Wotere akamva za Ignatius ndi nyumba ya Saint-Jacques sasowa womasulira. Angathe kudwala sabata yathunthu, angathe kulongedza nabwerera kwao, popanda munthu mmodzi wofunsa kumene ali.

Udindo woyamba ugwera ophunzira a caka caciwiri ndi cacitatu, pakuti ali naco cuma cimene mphunzitsi alibe, ndico coonadi ca caka cao coyamba. Tsoka lace amakonda kucibisa. Pamaso pa ang'ono amayenda ngati anabadwira pomwepo, ngati sanalirepo usiku, ngati pepala lao silinabwerepo lofiira ndi inki. Mkristu wa caka cacitatu amene auza wamng'ono kuti, inenso mayeso oyamba ndinalephera, ndinatsala pang'ono kuthawa, zinayamba kusintha pamene ndinapeza anzanga owerenga nao, ameneyo wacita nchito zacifundo zimene katekisimu aphunzitsa, kulangiza okayika ndi kusangalatsa acisoni. Akaonjeza kumtenga mkono kupita naye ku kagulu kowerengera, wacitanso ija ya kulandira alendo. Asafunse poyamba ngati mlendoyo ndi Mkatolika, wa mpingo wina kapena Msilamu, wa cigawo ciani kapena wa cinenero ciani. Kapitao wa ku Babiloni sanali Myuda. Ndipo Mkristu amene alowa nao m'masewera ozunza atsopano, ponena kuti ifenso anaticita comweco, akumbukire kuti Gregory naye anali atadziwa mwambowo pamene anauletsa pa mnzace.

Aphunzitsi ena ali ndi cizolowezi couza kalasi tsiku loyamba kuti theka la iwo silidzafika caka camawa. Amati alikuwadzutsa. Mwana wa pakhomo amva mau amenewa naseka, poyesa kuti anena ena; mlendo amva dzina lace. Mphunzitsi sayenera kupeputsa mayeso kapena kuyamikira nchito yosayenera, pakuti kutero ndi kunyoza kwa mtundu wina, ndipo Treisman anaonetsa kuti mafunso obvuta ndiwo amauza munthu kuti amuyesa waluso. Koma angathe kudzudzula kwambiri pa pepala nalembapo kuti atero cifukwa adziwa kuti wophunzirayo angafike pamwamba. Angathenso kuphunzira maina, ngakhale khumi okha a amene akhala kumbuyo.

Maparishi oyandikana ndi mayunivesite amaona ophunzira Lamulungu liri lonse, koma kawirikawiri amawaona ngati mbalame za nyengo. Kuwaimiritsa m'chalichi kuti anthu awaombere m'manja nkwabwino, koma sikukwanira. Mlendo amapatsidwa mpando. Mwana wa pakhomo amapatsidwa khasu. Wophunzira amene apemphedwa kuwerenga Mau pa Misa, kuyimba m'kwaya, kuphunzitsa ana masamu Loweruka, adziwa kuti akapanda kubwera padzaoneka dzenje. Miphakati iri nao mwai wina woposa, pakuti m'menemo muli mabanja amene angathe kuonjeza mbale imodzi ya nsima Lamulungu masana. Akale anati kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu. Ku Berkeley kuja masamu ankayamba ndi kuphika.

Makolo naonso ali ndi mbali yao, ngakhale ali kutali ndipo ena sanaonepo m'kati mwa kalasi. Poyimba foni amafulumira kufunsa za malikisi ndi kukumbutsa mwana kuti mtundu wonse wamuyang'ana, kuti mbuzi zinagulitsidwa cifukwa ca iye. Mwana adziwa kale zimenezo, ndipo ndizo zimamletsa kuulula kuti zinthu zabvuta. Funso lopindulitsa ndi lina: kodi umadya ndi yani, umawerenga ndi yani? Ndipo akabwera pa chuthi, abale aleke kumjeda kuti wasanduka mzungu cifukwa mau ena a Cingerezi amtuluka, pakuti wotero amakhala mlendo ku sukulu ndi mlendonso kwao. Wophunzira mwini wace asayese kuti alibe cocita. Danieli anatsegula pakamwa nalankhula ndi kapitao. Manyazi nthawi zina ndi kunyada kobvala cobvala cina, ndipo amene anabatizidwa ali nalo kale banja limene mayeso sangamcotsemo; agogode pa citseko ca mphunzitsi, akhale pansi pa gulu limene sanaitanidwe, ndipo akakanidwa kamodzi ayesenso pena.

Buku la Nchito za Apostoli, mutu 9, lisimba kuti Saulo atatembenuka mtima anafika ku Yerusalemu nayesa kudziphatika kwa ophunzira a Ambuye, koma onse ankamuopa, osakhulupirira kuti alidi mmodzi wa iwo. Munthuyo anali wophunzira kwambiri, anakhala pa mapazi a Gamaliele, anaona kuwala pa njira ya ku Damasiko. Koma anaima kunja. Barnaba ndiye anamtenga, napita naye kwa Apostoli, nawafotokozera zimene zinamgwera ndi m'mene analalikira molimba mtima ku Damasiko. Posacedwa kunabuka ciwembu, ndipo abale anamtumiza kwao ku Tarso, kumene mbiri yace ikhala cete kwa zaka. Pamene mpingo wa ku Antiokeya unakula nusowa aphunzitsi, Barnaba yemweyo ananyamuka ulendo wa ku Tarso kukamfunafuna, ndipo atampeza anabwera naye, naphunzitsa pamodzi anthu ambiri caka cathunthu.